Msomali Wachiwiri

Ndinalowa m'nyumba muno ndi chikwama chimodzi,
wailesi yothyoka mlongoti, ndi mwana wanga Dolika
atandigwira thalauza ngati wakwera matola.
Pa msomali wa kuseri kwa chitseko ndinapeza jasi
ya malemu a Khoromana, ija ankavala pothyola tiyi,
mapewa ake akadali njo, ngati mwiniwake wangotuluka.

Leviyasi sanditchula.
Amati "iwo aja." Amati "auzeni alendowo madzi afunda."
Chaka chachiwiri chino ndikadali mlendo
m'nyumba imene ndinaikhomera ndekha malata.
Ndikadula sopo amayeza ndi maso chidutswa cha Dolika.
Ndikam'dzudzula amayang'ana jasi ija
ngati itsika kuti imuyankhire.
Elube amangoti, "Ndi mwana, azolowera,"
n'kutembenukira kukhoma.
Usiku wina Dolika anandinong'oneza:
"Ababa, nanga ife kwathu tidzapita liti?"

Ndinapita kwa ankhoswe ku Chisitu.
Anati iwo amasamala za mwamuna ndi mkazi,
za ana n'za eni mbumba.
Ndinapita kwa mwini mbumba, atsibweni ake a mnyamatayo.
Anandipatsa mpando wamiyendo itatu
n'kundikumbutsa kuti mkamwini ndi mlamba.
Ndinabwerako chiperoni chikundilowa m'khosi,
phiri litafunda mutu, losafuna kuona nawo.

Tcheni chinandidukira pa Chitakale,
nanazi makumi atatu ali pa keliyala.
A Nampinga okonza njinga, manja bii ndi girisi,
anandifunsa chomwe chandikwinyitsa nkhope
poti tcheni n'chotchipa.
Sindidziwa chinanditsegula pakamwa.
Anamvetsera akukhoma chipini, osadzutsa mutu.
"Inenso anandilera ndi bambo ondipeza.
Ndinawada zaka zisanu ndi ziwiri.
Sanandilakwire kanthu.
Ankangopuma, pamene bambo anga anali atasiya."
Anapukuta manja. "Lachinayi mubwere kupulaimale,
kalasi ija yopanda chitseko. Tilipo angapo."

Tinakhala pa madesiki otifinya mawondo.
Mayi Namaona, ana asanu, mayina a abambo atatu,
amalemba m'kope ndalama ya yunifolomu
kuti aliyense aone ndi maso ake kuti sanaberedwe.
Mlonda wa kuesiteti analira osabisa
poti mwana wom'peza anam'bwezera nsapato.
Panalinso mayi wa kuboma woona za ana,
amabwera mafuta a njinga yamoto akapezeka;
anatisiyira nambala, nati usiku womwe tiziimba.
Palibe ananditcha mlamba.
Palibenso anandiuza kuti zitha mawa.
Anangoti: jasiyo musaichotse.
Dzina la ubambo salanda, amachita kukuninkha,
mwinanso osakuninkha, inu n'kumalerabe.
Ndipo Dolika naye ali ndi maliro ake, mum'funse.

Loweruka tikusenda chinangwa pakhonde
ndinati, "Kodi bambo ako ankathyola makilo angati?"
Mpeni unaima.
Nkhuku inadutsa pakati pathu, n'kubwereranso.
"Sikisite," anatero. "Tsiku lina seventefaifi.
Akapitawo anawapatsa shuga."
Anakamba mpaka chinangwa chinada m'manja.
Elube anaima pakhomo ndi lichero, osapeta.

Sindinama, zinthu sizinasanduke uchi.
Dzulo lomweli amenyanirana pensulo,
ine n'kukalipa mopitirira, n'kukapepesa monyinyirika.
Lachinayi ndikanena zimenezo, akandiseka, tikaseka.

Koma m'mawa uno mvula yawaza kuchokera kuphiri,
Dolika alibe chofunda cha kusukulu.
Ndaona Leviyasi akutomuka, natsitsa jasi ija,
nam'veka, napinda mikono kanayi.
Atuluka, wina akukoka mpendero m'matope,
wina akum'kalipira kuti aukweze.

Ndatenga hamala.
Pambali pa msomali wa a Khoromana
ndakhoma wanga, m'munsi pang'ono,
ndapachikapo chipewa.